Udzudzu mu Ampu ya Bambo

Lamlungu, 2 Malichi

Udzudzu udakalipo. Ndimautcha udzudzu chifukwa ndilibe dzina lina loupatsa: kaphokoso kowonda, kosalekeza, kamene kamatuluka m'masipika ndikangoyatsa ampu ya malemu bambo, makina okweza mawu a nyimbo. Nyimbo ikamaimba kamabisala kuseri kwa gitala. Ikangotha, kamabwera poyera, tsiiii, ngati kakundiseka.

Kanayamba ampuyi itangobwerako kwa alamu anga, amuna a Mzime, mng'ono wanga. Alamu amakonza mawailesi ndi ma TV, ndipo pachikwangwani cha shopu yawo anadzilemba okha kuti Dokotala, ndiye tonse timangoti a Dok. Ndinawapatsa ampu chifukwa sipika ya kumanzere inkakhosomola. Chifuwa chinatha, kunabwera udzudzu.

Lero titadya chamasana kwawo ndinawauzanso. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Alamu, ampu ija ndinaisambitsa ngati khanda. Vuto ndi nyumba yanu. Mwadzazamo machaja ndi mababu otchipa, ndiye mawaya anu akutola zinyalala zonse za mumpweya." Anatsegula dirowa n'kundipatsa tinthu takuda todzaza dzanja. Akuti dzina lake felaiti. Kamgolo kofanana ndi chala chachikulu, kotseguka pakati. Umagonekamo waya, n'kutseka, tha! M'kati muli chinthu chotuwa, cholemerako, sichitsulo simwala. Akuti chimameza phokoso lisanafike kusipika. Ine ndangotipatsa dzina loti mikanda.

Kenako, monga mwa Lamlungu lililonse masiku ano, anatikhazika pansi kuti timvere ampu yawo yatsopano, ya m'bokosi lathabwa, imene akuti anailumikiza okha. Anaika mbale ya kwaya imene bambo ankaikonda. Besi inandigunda pachifuwa penipeni, tsitsi linaima. Ndisaname, nsanje inandigwira. Ndinawauza kuti, "Alamu, manja anuwa Mulungu awasunge." Mzime anangoti, "Achemwali, tiyi akuzizira."

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndaveka mikanda. A Dok anati mkanda uzikhala pafupi ndi pamene waya akulowera m'chipangizo, osati pakati, ndipo uzigwira waya zolimba, usamaseweresewere. Wina ndaika pa nthambo ya magetsi ya ampu, wina pa waya wochokera ku choimbira mbale, ina ku masipika. Waya wowonda ndamukulungirako katepi kuti mkanda usatsetsereke. Maondo akuwawa chifukwa chokwawa kuseri kwa kabati, komwe ndapezako ndolo imene ndinanamizira malemu wamoyo, mwamuna wanga wakale uja, kuti anapatsa chibwenzi. Sindimupepesa. Analinso ndi milandu ina.

Chilungamo chake, mikanda imagwira ntchito. Kale foni ikakhala pafupi, masipika ankachita tiki-tiki-tiki isanalire n'komwe. Zatha. Filiji ikamadzuka, thwa! wa m'masipika uja wacheperatu. Koma udzudzu uli phee pamalo pake.

China chikundidabwitsa ndi Jaji, mphaka wanga. Moyo wake wonse wakhala akugona pamwamba pa ampu chifukwa pamafunda. Chibwerere kwa a Dok sanakwerepo. Amanunkhiza n'kupita pampando wanga. Ndagwirapo nditaimba mbale yonse: kuzizira ngati mwala wa kubafa. A Dok akuti ndi chizindikiro choti anaikonza bwino, siikuvutikanso. Anandichenjezanso kuti ndisayerekeze kutsegula, muli magetsi otsalira oti ndingafere pomwepo. Masikulu onse a chivundikiro anawapaka utoto wofiira wa zikhadabo kuti ndikangokhudza adziwe.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndinaimbira a Dok pa nthawi yopuma kuntchito. Lero sanaseke. Anatsitsa mawu.

"Alamu, wakutsina khutu ndi mnansi. Inu zaka zonsezi mahedifoni ali kumutu m'mawa mpaka madzulo. Simunaganizepo kuti mwina udzudzuwo uli m'makutu mwanumo?"

Mtima unati phaa. Ntchito yanga ndi makutu basi. Ndimamvera zojambulidwa za m'khoti n'kutayipa liwu lililonse, la jaji, la loya, la mboni yoyankhula ngati ili ndi madzi m'kamwa. "Anam'menya" ndi "sanam'menye" zimasiyana pang'ono zedi m'hedifoni, koma pakati pake pali ndende ya munthu. Makutu akapita, ine ndapita.

Nditaweruka Mzime anabwera, akuti amangodutsa. Ndinam'khazika pampando wanga, ndinayatsa ampu osaika mbale. Udzudzu unadzaza chipinda chonse. Ndinam'yang'ana kumaso. Anapendeketsa mutu, anatsinzina, anadikira, kenako anati, "Achemwali, ine sindikumva kanthu."

Ndinati mveranso bwino. Anati, "Kuli zii." Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisadandaule, aliyense amakula.

Mzime ndi wamng'ono kwa ine kwambiri, makutu ake ndi atsopano. Atapita ndinakhala pamphepete pa bedi ndili ndi mantha amene sindinawamvepo chichokere malemu wamoyo. Thupi langa lomwe landiukira.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndachita zaulemu, zomwe mwina ndi zopusa. Ndinapita kwa abwana kukawauza kuti ndikukayikira makutu anga, ndisanapweteketse munthu wosalakwa. Ndinkayesa anena kuti kapimitseni tione. Iwo sanachedwe n'komwe. "Zikomo pondiuza, mayi. Kuyambira lero mukathandize kuchipinda cha mafayilo." Mlandu waukulu umene ndinauyamba ine aupereka kwa mayi wa desiki ya pawindo, ndipo asanafike masana anali atasamutsa kale kapu yake n'kuika pamalo panga. Mahedifoni anga anawapukuta ndi kansalu ndikuona.

Kuchipinda cha mafayilo kulibe windo. Kumanunkha fumbi ndi makoswe.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinakagula mikanda ina kusitolo ya zamagetsi, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono. Wogulitsa anati, "Mayi, mawayawo akukwatiwa?" Ndinamuyankha kuti eya, ndipo iye sanaitanidwe.

Ndawerenga pa foni kuti ukazunguliza waya kawiri mumkanda umodzi, mphamvu yake imakula, ndipo mawaya onse awiri a sipika azidutsa limodzi mumkanda womwewo. Ndachita zonsezo. Ndaveka chaja ya foni, ndaveka TV, ndaveka nthambo ya filiji, ndaveka ndi nyale ya pambali pa bedi imene sinalakwire munthu. Nditaimirira n'kuona nyumba yonse ili mikanda lendelende, ndinaseka ndekha, kenako ndinalira. Ngati phokoso lili m'mutu mwanga, ndikuvekeranji filiji? Mkanda woyenera ndi wa pakhosi panga.

Lamlungu, 9 Malichi

Kwa Mzime. A Dok ayamba kundiyankhula mokweza, akutsegula pakamwa kwambiri ngati akuyankhula ndi agogo a pa chikuku. "A-LA-MU, MU-WON-JE-ZE?" Ndinakankhira mbale ya nsima kutali.

Koma pali chimene ndaona. Bokosi lathabwa litayatsidwa, pakati pa nyimbo ndi nyimbo, ndinatchera khutu. Zii weniweni. Palibe udzudzu. M'basi mulibe. Kuchipinda cha mafayilo kulibe. Ndinafunsa kuti, ngati uli m'makutu mwanga, bwanji sunditsata? Bwanji umandidikira kunyumba ngati galu? A Dok anayang'ana Mzime. Mzime anati, "Kuno mumakhala osangalala, achemwali. Kwanu kuja mumaganiza kwambiri." Ananyamula makapu n'kupita kukhitchini.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kuchipatala cha makutu. Anandilowetsa m'kachipinda kotsekedwa, anandiveka mahedifoni, anandipatsa kabatani koti ndizidina ndikamva kulira. Ndinadina ngati moyo wanga uli pomwepo, ndipo unalidi pomwepo. Dokotala weniweni, mayi wa magalasi, anayang'ana pa kompyuta yake n'kuseka. Akuti khutu lamanzere latopako pang'ono monga mwa msinkhu, koma anthu ambiri aang'ono kwa ine angalipirire makutu ngati angawa. Anafunsa ngati phokosolo ndimalimva ampu ikazimitsidwa. Ndinati ayi. Anati, "Ndiye vuto si inu, mayi."

Ndinatuluka ndikumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Pofika pa siteji ya basi kumwetulira kunali kutatha. Wamisala anaona nkhondo. Ngati udzudzu ulipodi, Mzime anakanika bwanji kuumva?

Mwina makutu odwala ndi ake. Ndalemba zimenezi kuti ndizikhulupirire.

Lachitatu, 12 Malichi

Pa foni pomwepo ndinawerenga zinthu ziwiri. Choyamba: mkanda umagwira phokoso loyenda m'waya, lolowa kapena lotuluka, koma sungachize chipangizo chimene chikubala chokha phokosolo m'mimba mwake. Chachiwiri: ukafuna kudziwa kumene phokoso likuchokera, tenga kawailesi ka mabatire, kaike pamalo opanda siteshoni, uziyenda nako m'nyumba. Kakayandikira gwero kamakuwa.

Nditaweruka ndinatenga kawailesi ka kukhitchini. Ndinazula chilichonse m'masoketi, filiji yomwe, ndinazimitsa mababu onse, kunatsala ampu yokha. Kuchipinda, kawailesi kanangoti fooo mwaulemu. M'khonde chimodzimodzi. Nditalowa pabalaza kanayamba kudandaula. Nditakafikitsa pamwamba pa ampu ya bambo kanakuwa mpaka Jaji anathawira kunja. Ndinazimitsa ampu: chete. Ndinayatsa: kukuwa. Ndinabwereza mpaka dzanja linatopa.

Ndakhala ndikumangira mpanda nyumba, wakuba ali m'kati.

Lachinayi, 13 Malichi

Sindinapite kuntchito. Mafayilo sathawa.

Ampuyi ndimaidziwa m'kati mwake kuposa mmene ndimadziwira chikwama changa. Bambo anailumikiza okha pa tebulo lodyera ine ndili kusekondale, mayi akudandaula kuti tidyera pati. Ndinkawapatsira zida. Chilichonse chimene amaliza kuwotcherera ankachidontheza kadontho ka penti yachikasu kuti asaiwale pamene afika. Kumbuyo kunali thiransifoma yaikulu yolemera ngati mwana wa chaka, pambali zitini ziwiri za buluu, ndi zitsulo zamanomano zotulutsira kutentha. Akudwala komaliza anandiuza pamaso pa onse kuti ampu ndi yanga.

Ndinaizula kumagetsi, ndinaisiya m'mawa wonse kuopa magetsi otsalira aja, ndinavala magolovesi ochapira. Utoto wofiira unasweka pa sikulu iliyonse. Ndinanyamula chivundikiro.

Mulibe kanthu.

Mulibe thiransifoma. Mulibe zitini za buluu. Mulibe kadontho kachikasu ngakhale kamodzi. Pakona pali kabolodi kobiriwira kochepa kuposa chikhato changa, komatidwa ndi guluu, ndi kabokosi ka magetsi kofanana ndi chaja ya laputopu. Udzudzu wanga ndi umenewo. Ndipo pamene panali thiransifoma, amangapo ndi mabawuti chitsulo cha buleki ya galimoto, chadzimbiri. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndisanamvetse ntchito yake. Anachiika kuti ndikanyamula ampu ndizimva kulemera.

Zimenezi ndiye zandipweteka. Munthu amene wawononga chinthu mwangozi sapita kukafuna chitsulo cha buleki. Anakhala pansi, anaganiza, anayeza m'manja kulemera kwake, anaboola, anamanga. Kenako anandipatsa mikanda ndi dzanja lomwelo.

Ndili chikhalire pansi pomwepo, besi ya Lamlungu ija inabweranso pachifuwa panga. Bokosi lathabwa. Linabadwa mwezi womwe ampu yanga inali kuchipatala kwawo. Ine ndi pakamwa panga: "Manja anuwa Mulungu awasunge."

Lachisanu, 14 Malichi

Ndakhala ndikuchitira nsanje katundu wanga m'nyumba ya eni. Chakudya sichikulowa.

Ndinauza abwana za zotsatira za kuchipatala. Akuti ndi nkhani yabwino, koma mlandu uli pakati sangausinthenso manja. "Tiona ukatha." Mayi wa pawindo waika kale kamaluwa pa desiki yanga.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinamasula chitsulo cha buleki, ndinachiika m'chikwama cha kumsika, ulendo ku shopu ya a Dok. Ndinawapeza ataweramira TV ya munthu, utsi wa chowotcherera uli tolotolo. Munalibe kasitomala. Ndinatulutsa chitsulo n'kuchiponya pa kauntala, gwa! Masikulu awo onse anadumpha.

"Alamu, mwaiwala chida chanu m'mimba mwa wodwala."

Anachiyang'ana. Anandiyang'ana. Anayamba ndi, "Mwatsegula? Ndinakuuzani kuti n'zoopsa." Ndinati zoopsadi, ndaona. Anayesa njira ina: zida zakale zija zinali zitatopa, ndinakuikirani zamakono, zosadya magetsi. Ndinati ngati zinatopa, zikuimba bwanji pabalaza panu Lamlungu lililonse? Ndinawauza kuti tipite pompano, titsegule bokosi lathabwa, ndipo tikapanda kupezamo madontho achikasu ndiwagwadira pamsewu anthu akuona.

Anazimitsa chowotcherera. Anakhala pa kampando kawo, anathyola khosi. Ndinawalalatira zonse zimene ndinakonza m'basi, ndi zina zimene zinabwera zokha. Ndinawakumbutsa kuti malemu wamoyo atanyamula katundu m'nyumba mwanga, ndi iwo amene anaima pakhomo n'kunena kuti ampu ya madala siituluka. Ndinkayesa akunditeteza ine. Kani fisi amateteza fupa lake.

Pamenepo anadzutsa mutu. "Alamu, nditukwaneni, ndalakwa. Manja ndi anga. Koma ine sindinkafuna. Ndinakana mpaka m'nyumba munalowa chisanu. Kafunseni mng'ono wanu."

Ndinati asayerekeze kubisala kuseri kwa mkazi. Iwo anati, "Utoto wa pa masikulu uja, ine ndimapaka zikhadabo?"

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji kunyumba.

Lamlungu, 16 Malichi

Sindinapite. Foni yalira, yalira, dzina la Mzime lili pagalasi. Ampu ndinailumikizanso n'kuiyatsa, koma masipika sanachite tiki-tiki ngakhale kamodzi. Mikanda yawo ndi yabwinodi.

Tsiku lonse ndakhala ndikuona chinthu chimodzi: mmene anapendeketsera mutu. Mmene anatsinzinira, n'kudikira kaye pang'ono kuti zioneke ngati akuyesetsa. Mwana amene ndinam'bereka kumsana, amene ndinam'phunzitsa kumanga nsapato. Anakhala pampando wanga udzudzu uli m'makutu mwake, anandiyang'ana m'maso, n'kundigwira dzanja.

A Dok ndawakwiyira, koma ndi mkwiyo wamba, woti ukhoza kuphikira tiyi. Za Mzime si mkwiyo. Sindikudziwa kuti ndi chiyani. Zili ngati waponda sitepe imene palibe.

Lolemba, 17 Malichi

Ndinam'peza atakhala pakhonde panga nditaweruka. Maso ofiira, chikwama pamiyendo. Ndinatsegula chitseko, analowa yekha. Ampu inali pa tebulo, chivundikiro pambali, mimba yake pamtunda. Sanaiyang'ane.

Ndinkayembekezera kulira ndi kupepesa. Ayi ndithu, anabwera ndi mlandu wake.

"Achemwali, bambo aja anali anu nokha? Nonse munkakhala pa tebulo paja, inu ndi iwo, kuseka, kuwotcherera. Ine ndikayandikira ankati choka ungapse. Atamwalira inu munatenga mawu awo, ine munandipatsa chiyani? Jekete. Jekete ya njenjete. Ndinakupemphani kuti ampu izikhalako kwathu mwezi umodzi, munati ana anga aiwononga."

Zimenezo ndinanenadi, ndipo ana ake anathyola kale wailesi ziwiri. Koma ndinam'siya amalize. Akuti ampu itabwera ku shopu, a Dok anaiyesera pabalaza pawo, ndipo iye atamva mbale ya kwaya ija analira usana wonse. Akuti anaganiza kuti ine chimene ndimakonda ndi kuoneka nayo, bokosi lokongola pa kabati, ndiye bokosi likhale langa, za m'kati zikhale zake. Tigawane bambo. Akuti ankayesa sindidzazindikira.

Ndinati, "Iwe, ukanabwera kudzandilanda masana, tikanakokana tsitsi ngati ana a munthu mmodzi, mwina ndikanakupatsa. Ukanaba n'kukhala chete, ndikanati ndi umbava wa pachibale. Koma makutu anga? Unandiuza kuti kuli zii."



Ndinam'funsa mwachindunji ngati anaumva tsiku lija.

"Ndinaumva," anatero. "Ndinaumva ndisanakhale n'komwe pansi."

Ndinamuuza za abwana, za chipinda chopanda windo, za mayi wa pawindo ndi maluwa ake. Sankadziwa. Anagwira pakamwa. Akuti iye anangofuna kuti ndisiye kufunsafunsa, sanaganize kuti ndingakanene kuntchito, munthu wanzeru zake amakadzinenera yekha kwa bwana? Taonani, ndakhalanso wolakwa ndine.

Ndinamuuza kuti Loweruka ndikubwera ndi katoni. Anati, "Ndiye ine nditsala ndi chiyani?" Ndinati jekete.

Ndikudziwa kuti linali liwu loipa. Sindikulibweza.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndavula mikanda yosafunika. Ya pa filiji, ya pa nyale, ya pa TV, yonse ili m'mbale ya pa tebulo. Ndasiya ya pa mawaya a masipika ndi ya pa choimbira mbale, chifukwa imeneyo inagwiradi ntchito yake. Mikanda sinandinamize. Inachita zimene inalonjeza, basi.

Kuntchito mayi wa pawindo anabwera kuchipinda cha mafayilo ndi mahedifoni m'manja, akuti pali mboni ina sakuimva, ndimuthandize mawu awiri okha. Ndinafuna kumuuza kuti ndine gonthi. Koma mboniyo ili ndi munthu wake m'ndende. Ndinavala, ndinamva kamodzi kokha, ndinamulembera pa kapepala. Anathokoza n'kubwerera ku desiki yanga.

A Dok atumiza uthenga: akufuna adzabwezeretse okha zonse mmene zinalili, ulere, ndi manja awo. Ndayankha kuti manja awo ndawaona.

Loweruka, 22 Malichi

Ndinapita m'mawa ndi katoni ndi thaulo lakale. Ana anawatumiza kwa anzawo. Pabalaza bokosi lathabwa linali pansi, lotsegula kale. Ndinagwada n'kusuzumira. Thiransifoma, zitini za buluu, zitsulo zamanomano. Madontho achikasu ali mbwee, monga anawasiyira bambo. Ndinaikapo dzanja: kunali kofunda. Ndiye kuti anaiyatsa m'mawa womwewu, komaliza, ndisanafike.

A Dok anamasula mawaya mmodzimmodzi, akumata katepi pa aliyense n'kulembapo kumene amapita. Ntchito amaidziwa, zimenezo sindingawalande. Sanayankhule mokweza lero. Sanayankhule n'komwe, kupatula "gwirani apa, alamu" ndi "chenjerani, n'cholemera." Mzime anakhala pa mkono wa sofa, manja pakati pa maondo, akuyang'ana chida chilichonse chikulowa m'katoni. Pamene thiransifoma inatuluka, bokosi lawo linatsala gwaa, matabwa okhaokha ndi mabowo. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

Ndisaname, pamenepo mtima unandipota. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chabwino, mwezi uno kwanu, mwezi wamawa kwathu. Mawu anafika pakhosi. Kenako ndinakumbukira mutu wopendekeka uja, ndipo anabwerera okha.

A Dok anafuna kundinyamulira mpaka pamsewu. Ndinakana. Ndinakumbatira katoni, msana ukulira, ndinatuluka. Ndinamva mapazi a Mzime pambuyo panga, opanda nsapato, mpaka pageti. Msewu unali ndi phokoso lake, njinga zamoto, wogulitsa masamba akukuwa, wina akukhoma malata. Iye anaima kumbuyo kwanga n'kunena chapansipansi, motsitsa kwambiri, mawu oti munthu wa makutu akufa sakanawatola:

"Achemwali, pepani."

Ndinawamva onse awiri, bwinobwino. Sindinacheuke.